Galimoto Imene Inasiya Kulira

Ku Dedza kunali munthu wina wogulitsa mbatatesi. Ankapikula kwa alimi a kumapiri n'kumakagulitsa m'misika ya m'mbali mwa msewu waukulu. Munthuyu anali ndi galimoto yake, ya mipando mizere itatu ndi chitseko chokoka cha m'mbali, ija imaoneka ngati kaminibasi koma si minibasi. Inali yakale, ndipo inali itatumikira kale anthu ena asanaigule iye. Koma inali ndi chinthu chimodzi chimene mwini wake ankanyadira koposa. Inkakoka ndi matayala onse anayi.

Mukamupatsa moni munthu ameneyu, nkhani inkathera pa galimoto. Mukamufunsa za ana, nkhani inkathera pa galimoto. Ankaisisita pa boneti n'kumati, "Iyi ndi ya miyendo inayi. Zanuzo ndi nkhuku." Ndipo sankanama. Kumene anzake ankatitimira m'matope, iye ankadutsa akuwaimbira hutala.

Chaka china, mvula itangotha, galimoto ija inayamba kulira.

Kunali kulira kwapansipansi, kochokera kumbuyo. Wuuu. Akaponda moto, kulira kunkakwera. Akachotsa phazi, kunkatsika. Woyamba kukumva anali mkazi wake, akupita kutchalitchi Lamlungu.

"Bambo a Zione, kumbuyoku kukumveka kanthu."

"Ndi msewu," iye anatero.

Anafika pa tala, kulira kuli pomwepo.

"Bambo a Zione, msewu uja watha."

"Ndi mphepo." Ndipo anakweza wailesi.

Abale anga, anakweza wailesi! Munthu wamkulu, wa ndevu zake, wodziwa kusiyanitsa mbatatesi yabwino ndi yowola pongoigwira, anaganiza kuti nyimbo ingakonze chitsulo.

Kulira sikunathe. Kunabala ana. Tsopano akamanyamuka, pansi pankamveka gudu! Akathamanga, mpando unkanjenjemera mpaka mano kugundana. Wailesi inafika pamapeto pake, kulira n'kuiposa. Apo m'pamene anavomera kuti pali kanthu. Koma kodi anapita kwa wodziwa? Ayi. Anafunsa anzake a pamsika, aja amene ngakhale njinga yakapalasa sangaikonze.

Wina anati ndi matayala. Anasintha matayala. Wuuu.

Wina anati ndi beringi, chitsulo chimene tayala la kumbuyo limazungulirapo. Anasintha ya kumanzere. Wuuu. Anasintha ya kumanja. Wuuu.

Wina anati ekizozi yamasuka. Anaimanga ndi waya mpaka inaoneka ngati msampha wa mbewa. Wuuu.

Wina anamunong'oneza kuti ndi anthu ansanje. Anakatenga kanthu n'kukamangirira pansi pa mpando. Sinditchula kumene anakakatenga, popeza ena mwa inu njira yake mukuidziwa. Galimoto inalira kuposa kale.

Atatopa, anapita kwa makaniko wina wachikulire amene anthu ankamudandaula chinthu chimodzi chokha, kuchedwa. Mkuluyu sanagwire sipanala. Anangoti, "Tiyeni tiyende." Anakhala pa mpando wa kumbuyo kwenikweni, khutu ataliweramitsira pansi.

"Pondani moto. Siyani. Khotani kumanzere. Khotani kumanja. Pondaninso."

Atabwerera ku galaja, anaikweza galimoto ija matayala onse anayi m'mwamba, n'kuiliza, n'kuika giya. Matayala anayamba kuzungulira m'malere. Iye analowa pansi ndi sikuludiraiva yaitali. Nsonga ankagunditsa pa chitsulo, chogwirira n'kuika pa khutu. Anamvetsera apa, n'kumvetsera apo. Kenaka anaitana mwini galimoto.

"Lowani mumve nokha. Ndikakuuzani ine muziti ndikunama."

Munthu uja analowa, malaya ake oyera n'kugona nawo pa katoni. Makaniko anamuonetsa chitsulo chachitali ngati paipi, chochokera kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Ichi ndi pulopushafuti. Ndicho chimatenga mphamvu ya injini kukapereka ku matayala akumbuyo. Pakati pake apa pali beringi imene imachigwira. Imvani."

Anaika khutu. Zinamveka ngati chigayo chikugaya miyala.

"Tsopano imvani apa. Iyi ndi difu, imene imagawa mphamvuyo ku matayala awiriwa."

Anaika khutu. Wuuu uja anali m'menemo, akukhala ngati kwawo.

Makaniko anazimitsa injini n'kumasula kabawuti ka pansi pa difu kuti oyilo atuluke. Munayenera kutuluka wambiri. Munangodontha timadontho takuda bii, tosakanikirana ndi tizitsulo tonyezimira ngati mamba a matemba. Anatipaka pa chala n'kumuonetsa.

"Oyilo wakhala akutha pang'onopang'ono. Zitsulo zikudyana zokhazokha. Tiyenera kuimasula difuyi, tione chimene chatsala chamoyo. Beringi tisinthe. Zipangizo tiitanitse ku Lilongwe. Galimoto igona pano masiku."

"Masiku? Nanga ine ndiziyenda pa chiyani?"

"Pa minibasi, ngati anzanu."

Mawu amenewo ndi amene anamulasa. Mumvetse bwino, abale. Si kuti analibe pogwira ayi, mbatatesi inali itachita bwino chaka chimenecho. Chimene chinamukanika ndi kuganiza kuti anthu aja ankawanena kuti amayendera nkhuku amuona ataima pa siteji akukweza dzanja. Amuona atapanikizana ndi madengu a tomato. Amuona pa kabaza, miyendo ili lendelende. Anavala chipewa chake n'kuti akaganize kaye.

Sanakaganize. Anangokhota pakona n'kupita kwa makaniko wina wa pansi pa mtengo wa bulugamu, amene ankadziwika kuti sachedwetsa munthu. Uyu anasuzumira pansi kamodzi kokha n'kudzuka akumwetulira.

"Zazing'ono izi, bwana. Tingochotsa pulopushafutiyo. Kumbuyo kukapanda kulandira mphamvu, sikulira."

"Kulira kutha?"

"Kutha. Koma ndinene, bwana, akumbuyowa azingotsatira, sazikoka. Ikhala ya miyendo iwiri."

Ndimuikire kumbuyo makaniko ameneyu pa chinthu chimodzi. Ananena. Sanabise. Koma munthu wathu uja anamva mawu amodzi okha mwa onsewo.

"Ndafunsa kuti kulira kutha?"

"Kutheratu."

"Chotsani."

Anamasula mabawuti kutsogolo, anamasula kumbuyo, chitsulo chija n'kugwa pansi, nge! Munthu uja analowa m'galimoto n'kuiliza. Anaponda moto. Zii. Anapondanso. Zii. Mpando sunanjenjemere. Ananyamuka, gudu uja osamveka. Anazimitsa wailesi kuti amve bwino mtendere wake, ndipo anaseka yekha ngati wapeza chuma.

Chitsulocho anapita nacho kunyumba. Poona kuti n'cholimba, anapingira nacho chitseko cha khola la mbuzi. Mkazi wake atamufunsa za galimoto, anayankha mawu amodzi.

"Yakonzedwa."

Mayi uja anayamika Mulungu. Anayamika Mulungu, abale, chifukwa cha bodza!

Tsono pano m'pamene pali choopsa. Chilimwe chonse zinthu zinayenda bwino. Misewu inali youma gwa. Galimoto inkapita kumapiri n'kubwerako, inkapita ku msika n'kubwerako. Palibe chinagwa. Palibe chinapsa. Akadatitimira mawa lake lomwe, bwenzi atabwerera kwa makaniko wochedwa uja msanga. Koma sizinatero. Ndipo iye anapitiriza kusisita boneti pamaso pa anthu n'kumati, "Iyi ndi ya miyendo inayi." Poyamba ankati akanena choncho mtima unkagunda. Kenaka unazolowera.

Mu Disembala, mwana wake wamkazi, Zione, ankakwatiwa. Anagwirizana kuti mkwatibwi akavalire kumudzi kwa amayi ake, ndipo ukwati ukadalitsidwe ku tchalitchi cha tsidya lina. Pakati pa mudzi ndi tchalitchicho panali dambo la dothi lakuda, la makande, lija limagwira phazi ngati ulimbo.

Malume ake a Zione, amene analinso nkhoswe, anali munthu wochenjera. Pokonza mwambo anati, "Alamu, mvula yayamba. Bwanji mwanayu akagone kwa abale athu kufupi ndi tchalitchi? Dambo lija silidziwa ukwati."

Munthu uja anaimirira. "Mwana wanga atulukira pa khomo la kwawo, ndipo akwera galimoto ya bambo ake. Dambo limeneli ndalidutsa kangati ine?"

Ankadziwa! Chitsulo chili pa khola la mbuzi, iye anachiikapo ndi manja ake, ndipo ankachiona m'mawa uliwonse. Koma munthu akanena bodza chilimwe chonse, amayamba kulikhulupirira yekha. Akuchimuna anali atanena kuti angathe kubwereka galimoto ina yamphamvu. Iye anawakaniza. Anati kumeneko n'kumunyoza.

Tsiku la ukwati kunacha ndi mvula. Inagwa yamphamvu, kenaka n'kukata. Galimoto anaikongoletsa ndi maliboni ndi maluwa a pepala. Zione anatuluka m'nyumba atavala zoyera mbee, amayi akuimba nthungululu. Anakhala kumbuyo ndi amayi ake. Malume anakhala kutsogolo. Anthu ambiri ankatsatira wapansi akuimba ndi kuvina.

Anafika pa dambo. Munthu uja anakoka mpweya, n'kuponda moto, n'kulowa.

Galimoto inayenda pang'ono, n'kuyamba kugwedeza mutu uku ndi uku ngati mbuzi yokana chingwe. Kenaka inaima. Anaponda moto. Matayala akutsogolo anazungulira fwiii, akuponya matope m'mwamba. Anaika giya yobwerera. Fwiii. Anaikanso yakutsogolo. Fwiii. Akamaponda, m'pamene mphuno ya galimoto inkamira.

Anthu oimba aja anafika n'kusiya nyimbo. Amuna anapinda mabuluku n'kuyamba kukankha. Anakankha kutsogolo, anakankha kumbuyo, masuti obwereka n'kusanduka akuda. Malume anatsika, n'kuima pambali, n'kuyang'anitsitsa matayala. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anabwera pa windo.

"Alamu, akumbuyowa bwanji angoima chiimire?"

Munthu uja anapondanso moto ngati sanamve.

"Alamu, ndikuti akumbuyowa sakuzungulira."

Mkazi wake anaweramira kutsogolo. "Bambo a Zione, paja munati yakonzedwa."

"Inasiya kulira."

"Sindinafunse zimenezo."

Mayi uja anali wanzeru, ndipo sizinamutengere nthawi. Anagwira pakamwa.

"Chitsulo chili pa khola la mbuzi chija?"

Mwamuna wake anayang'ana chiwongolero.

Zione sanalire. Mwina zikadakhala bwino akadalira. Anangofunsa motsitsa mawu, "Ababa, munkadziwa?"

Kodi akadayankha chiyani? Akadati ndi msewu? Akadati ndi mphepo?

Mtsikana uja anavula nsapato zake zoyera n'kupatsira amayi ake. Anakwinya diresi mpaka m'mawondo, amayi ake n'kumukulunga chitenje pamwamba. Anatsegula chitseko n'kuponda m'matope. Malume anamugwira dzanja ili, amayi ake dzanja ilo. Anawoloka dambo lonse wapansi, akuterereka, akudzuka, amayi ena atanyamula mchira wa diresi pamutu ngati mtolo wa nkhuni. Kutsidya anamutsuka miyendo ndi madzi a pa mjigo, n'kumukweza pa njinga ya kabaza. Umo ndi mmene mwana wa mwini galimoto ya miyendo inayi anafikira pa ukwati wake.

Bambo ake anatsala. Madzi a m'dambo ankakwera chifukwa kumtunda mvula inali ikugwabe, ndipo akadaisiya galimotoyo bwenzi italowa madzi mpaka m'mipando. Anabwereka makasu. Anakumba. Anatuta miyala, anathyola nthambi, anazula udzu. Jekete la ukwati analikoleka pa chitsamba. Amuna ochepa amene anamumvera chisoni anatsala naye, ena onse anathamangira ku tchalitchi. Galimoto inatuluka dzuwa litapendeka.

Pamene ankafika pa tchalitchi, anthu anali akutuluka. Nthungululu zili pakamwa, mpunga ukuwazidwa, mkwati ndi mkwatibwi atagwirana mikono. Abusa anali atadikira mpaka kutopa. Atafunsa kuti akupereka mwanayu ndani, anaimirira malume. Bambo wake weniweni anaima kuseri kwa mpanda, matope mpaka pachifuwa, akuonera ukwati wa mwana wake ngati munthu wodutsa m'njira.

Ku madyerero palibe anamukalipira. Akuchimuna anamupatsa moni mwaulemu. Mkazi wake anamubweretsera madzi osamba m'manja. Zione anabwera n'kumugwadira monga mwa mwambo. Pamipendero ya diresi lake panali mzere wakuda umene madzi a pa mjigo analephera kuchotsa. Bambo uja anayang'ana mzere umenewo, chakudya n'kumukanika.

Sabata yotsatira anachotsa chitsulo chija pa khola n'kupita nacho kwa makaniko wochedwa uja. Mkuluyo anachiyang'ana, n'kumuyang'ana iye.

"Mwabwera nacho."

"Ndabwera nacho."

Atamasula difu, anapeza kuti zimene zikadapulumuka poyamba paja tsopano zinali zitadyekeratu. Chilimwe chonse matayala akumbuyo ankaizunguza ilibe oyilo, ikudyeka mwakachetechete. Galimoto inagona pa galaja nthawi yaitali kuposa imene anaikana ija. Munthu uja anakwera minibasi. Anaima pa siteji n'kukweza dzanja. Anapanikizana ndi madengu a tomato. Ndipo mukudziwa? Palibe ngakhale mmodzi anamuseka. Anthu ali ndi zawo. Manyazi amene ankathawa aja kunalibe n'komwe.

Tsono ndakuonani mukuseka pamene amayi anatchula khola la mbuzi. Sekani, palibe choletsa. Koma ine amene ndikulalikira panoyu ndatopa, chifukwa munthu ameneyu ndimakumana naye sabata iliyonse. Nthawi zina amavala suti. Nthawi zina amavala yunifolomu ya chigwirizano. Nthawi zina amaimba mu kwaya.

Kanthu kakayamba kudyeka mkati mwa munthu, Mulungu sakhala chete. Amaliza phokoso. Amaliza mu mtima mwako ukamagwada kupemphera. Amaliza kudzera mwa mkazi wako. Amaliza kudzera mwa mnzako amene amakuuza zoona, kapena mkulu wa mpingo amene wabwera kudzakuona usanamuitane. Phokosolo si mdani wako. Phokosolo likungokuuza kuti oyilo watha, zitsulo zikudyana.

Nanga ife timatani? Poyamba timati ndi msewu. Kenaka timakweza wailesi, kudzichulukitsira zochita kuti tisakhale patokha n'kuganiza. Kenaka timasintha matayala. Vuto ndi abusa, tisinthe mpingo. Vuto ndi mkaziyu, tisinthe mkazi. Vuto ndi ansanje. Tikakumana ndi munthu woona, amene akuti gona pansi umve wekha, timasule tione, zitenga nthawi, ufunika kukapepesa, ufunika kubweza, ufunika kusiya, timavala chipewa n'kuti tikaganize kaye. Ndipo timakhota pakona.

Pemphero likundivutitsa mtima? Chotsani. Mnzanga uja amandidzudzula? Chotsani, ndisamuyankhenso foni. Mawu a Mulungu akundilasa? Chotsani, ndizibwera pa Khirisimasi pokha. Ndipo zoonadi, kumakhala zii. Munthu amagona tulo. Ukamufunsa amati, masiku ano ndili pa mtendere.

Mtendere wanji? Sunakonze kanthu iwe! Wangochotsa chimene chimakulumikiza ku mphamvu. Chodyeka chija chikudyekabe, kungoti sukuchimvanso.

Ndipo chilimwe chimanamiza. Msewu ukakhala wouma, wa miyendo iwiri ndi wa miyendo inayi amaoneka ofanana. Koma dambo lilipo, abale. Aliyense ali ndi dambo lake kutsogolo. Matenda, maliro, mayesero, tsiku limene banja lako lonse lidzakhala m'galimoto mwako likudalira iwe. Tsiku limenelo udzaponda moto, udzafuna pemphero likoke, udzafuna chikhulupiriro chikankhe, ndipo udzapeza kuti unachimasula kalekale. Chowawa n'chakuti sudzatitimira wekha. Amene adzaponde matope ndi mwana wako.

Choncho ngati muli ndi kanthu kamene kakulira mu mtima mwanu m'mawa uno, musakwiye nako. Thokozani Mulungu kuti mukumvabe. Pitani nako kwa Iye amene anakupangani, mugone pansi, mumulole amasule. Achedwa, inde. Zipweteka, inde. Mwina muyenda wapansi kanthawi anthu akuona. Lolani.

Koma amene ndikumuopera kwambiri si amene mtima wake ukulira ayi. Ndi uja wakhala phee pa benchi, amene kale ankamva ndipo lero sakumvanso kanthu. M'bale wanga, mlongo wanga, usanatuluke pa khomo ilo, dzifunse funso limodzi. Kodi kunakhala chete chifukwa ndinakonza, kapena chifukwa ndinachotsa?